Chaka chimene Red Lions idasewera ligi yaing'ono

Ligi yaikulu ya mpira wamiyendo ya TNM itafika kumapeto mu 2018, matimu atatu omwe adatsalira pansi pa mndandanda wa matimu 16 adali Red Lions ya asilikali a ku Zomba, Mafco ya ku Salima ndi Nchalo United ya ku Chikwawa. Onse atatu adatuluka mu ligiyo n'kupita kukasewera m'maligi a m'zigawo. Kwa anthu okhala m'tsinde mwa phiri la Zomba, kuyambira ku Masongola mpaka ku Chinamwali, Matawale, Sadzi, Chikanda ndi Mpondabwino, izi zidatanthauza kuti mzinda womwe udakhala likulu la dziko kwa zaka zoposa 80 udatsala wopanda timu mu ligi yaikulu. Manyaziwo sadakhalitse, pakuti mu 2019 Red Lions idakhala pamwamba pa ligi ya m'chigawo cha kummwera ndipo idabwerera komwe idachoka. N'chifukwa chake ambiri amaiwerenga nyengo imeneyi ngati kupunthwa chabe, kosayenera kukumbukiridwa. Komatu nyengo ya 2019 ndi imene imaonetsa poyera, kuposa zaka zambiri za mu ligi yaikulu, mmene mpira wa ku Zomba udamangidwira. Mpirawu uli ndi mwini wamphamvu amene salola kuti ufe, ndiye boma kudzera m'nthambi zake, koma mzinda weniweniwo, anthu ake ndi amalonda ake, uli ndi gawo lochepa kwambiri pa mpirawo. Ndipo gawo lochepalo, lomwe lidali kusonkhana pa bwalo la Zomba Community Centre kudzaonera, nalo lidachoka m'manja mwa anthu m'zaka zomwezo.

Chiyambi cha zonsezi chili m'kabadwidwe ka tawuniyi. Zomba sidakule ndi malonda ngati Blantyre ndi Limbe, ndipo njanji sidadutse m'tawunimu. Idakula ndi boma. Nyumba yomwe pambuyo pake idakhala Hotel Masongola idamangidwa mu 1886 kuti muzikhala kazembe wa dziko la Britain, ndipo Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda mu 1891 adasankha malo omwewa kukhala likulu. Zotsatira zake zidabwera mondondozana: maofesi a boma, nyumba ya malamulo, polisi, malo osindikizira zikalata za boma, chipatala cha matenda a maganizo, ndende yaikulu yomwe idamangidwa mu 1935, komanso kampu ya asilikali yomwe pambuyo pake idatchedwa Cobbe Barracks pokumbukira Alexander Cobbe, yemwe adatsogolera asilikali a kuno pa nkhondo ya ku Somaliland mu 1902, chaka chomwe gulu la King's African Rifles lidakhazikitsidwa. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu n'kusiya kukumana ku Zomba mu 1994, zomwe zidatsala kugwiriziza tawuniyi zidali za boma zokhazokhabe: asilikali, likulu la ndende, apolisi, bungwe la mayeso la Maneb, ofesi ya kalembera, ndi Chancellor College yomwe idasamukira ku Chirunga mu 1973. Ngakhale ku Changalume, komwe kudali ntchito yaikulu ya simenti, fakitale itatsekedwa malowo adasanduka kampu ya asilikali. Munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi ku Zomba nthawi zambiri amalandira kuchokera ku thumba la boma, ndipo kampani yaikulu yoti n'kunyamula timu ya mpira pamsana simaoneka.

Mpira udatsata njira yomweyo. Azungu adali ndi Gymkhana Club yawo, yomwe idayamba mu 1896, ndipo m'nthawi ya atsamunda munthu wakuda sadali membala. Eni dziko adaphunzirira mpira m'sukulu za mishoni ndi m'makampu, momwe akuluakulu a usilikali ankaulimbikitsa kuti anyamata akhale olimba thupi ndi omvera. Dziko litalandira ufulu, bungwe loyendetsa mpira la FAM litakhazikitsidwa mu 1966, ligi ya dziko lonse n'kuyamba mu 1986, kusiyana kwa mizinda kudaonekera m'mayina a matimu. Ku Blantyre kudali Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, Admarc Tigers ndi MDC United, mayina a makampani. Ku Zomba mayina omveka akhala Red Lions, Cobbe Barracks, Changalume Barracks ndi Prison United, mayina a makampu ndi ndende. Sikuti mpira wa m'makampuwu udali wachabechabe. Pa 11 Januwale 2010, timu ya dziko lino ya Flames itagonjetsa Algeria 3–0 ku Luanda pa mpikisano wa matimu a mu Africa, chigoli chachitatu adamwetsa ndi Davi Banda wa Red Lions, Russell Mwafulirwa ndi Elvis Kafoteka atatsegula kale njira. Flames itabwereranso ku mpikisano womwewo ku Cameroon kumayambiriro kwa 2022, komwe idapyola ndime ya m'magulu kwa nthawi yoyamba, pa mndandanda wa osewera padali Chikoti Chirwa, wa Red Lions nayenso. Kampu ya Cobbe yapereka ku dziko osewera enieni, ndipo wotsutsa mpira wa asilikali ayenera kuyamba wavomereza zimenezi.

Tsono ligi yomwe timu yotereyi idagweramo mu 2019 ndi dziko lina. Chigawo cha kummwera n'chachikulu, kuchokera ku Nsanje ndi Chikwawa kuchigwa cha Shire mpaka ku Mangochi, kuchokera ku Mwanza ndi Neno mpaka ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo m'zaka zimenezo mwa matimu onse a m'chigawochi imodzi yokha ndi imene inkakwera pa chaka. Wachiwiri ankabwerera kwawo chimanjamanja ngati wachikhumi. Masewero ambiri amachitikira pa mabwalo a sukulu kapena a m'misika, opanda mpanda, kotero kuti ndalama za pachipata zimakhala zochepa kapena sizipezeka n'komwe. Oonera amaima m'mbali mwa mzere weniweni, ndipo oyimbira akaliza wezulo yosakomera eni bwalo amadziwa kuti chitetezo chili patali. Mdani wamkulu wa timu ya mu ligi imeneyi nthawi zambiri sakhala timu inzake koma ulendo: kupeza galimoto yonyamula anyamata oposa 20, mafuta opita ndi kubwerera, chakudya cha panjira, ndi kangachepe kopatsa osewera omwe asiya maganyu, kabaza kapena geni yawo kuti akasewere. Timu zambiri zimayamba nyengo ndi mphamvu, zikafika pakati mwini timu thumba lauma, osewera abwino athawa, masewero akoyenda ayamba kujombedwa, mapointi n'kumaperekedwa kwa anzawo patebulo. Mu ligi yotere luso limafunika ndithu, koma wopambana ndi amene angathe kufika pa bwalo sabata iliyonse, kuyambira sewero loyamba mpaka lomaliza, ali ndi osewera omwewo, atadya ndiponso atachita zokonzekera sabata yonse.

Apa ndi pamene timu ya ku kampu imaposa anzake isadamenye n'komwe mpira. Wosewera wa Red Lions amene adalembedwa usilikali salandira malipiro chifukwa choti timu ili mu ligi yaikulu. Amalandira chifukwa ndi msilikali. Timu ikatuluka mu ligi, malipiro ake saima, nyumba yake ku kampu sachotsedwamo, ndipo alibe chifukwa chothawira. Galimoto ilipo, achipatala alipo, malo ochitirapo zokonzekera alipo, ndipo lamulo lofika pa nthawi yake si lokambirana. Umboni wake uli m'zotsatira za chaka chomwecho. Mwa matimu atatu omwe adatuluka mu 2018, awiri a asilikali, Red Lions ndi Mafco, onse adabwerera pakutha pa nyengo imodzi yokha, limodzi ndi Ekwendeni Hammers yomwe idakwera kumpoto. Nchalo United, timu ya anthu wamba, sidabwerere chaka chimenecho, ndipo m'nyengo zotsatira mpata wa kummwera udapita kwa Sable Farming, Bangwe All Stars, Fomo ndi Ekhaya. Blue Eagles ya apolisi itatuluka mu 2023 idachitanso chimodzimodzi: mu 2024 idakwera, ndipo ili mu ligi ya m'chigawo chapakati momwemo idatenga chikho cha FDH Bank pogonjetsa FCB Nyasa Big Bullets pamapenate. Tikayerekeza ndi matimu a makampani, kusiyana kukuonekeratu. MDC United idatenga ligi mu 1988, Escom United idaitenga kawiri, koma eni ake atachotsa dzanja mayina onse awiriwa adazimirira. Red Lions yatuluka ndi kulowa, koma dzina lake lilipobe, chifukwa kampu ya Cobbe sitseka chaka chikavuta.

Ena amati zimenezi si zachilungamo. Amati timu yodyera misonkho ya anthu siyenera kupikisana ndi timu yomwe mphunzitsi wa pulayimale kapena wogulitsa m'golosale akuiyendetsa ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo kuti matimu a asilikali ndi apolisi akachuluka mu ligi yaikulu amatseka mpata wa matimu a m'maboma, chonsecho sadzaza mabwalo. Dandaulo limeneli lili ndi mfundo, ndipo zomwe zidachitika mu 2019 zikuliikira umboni. Koma mankhwala omwe ena amapereka, oti matimu a nthambi za chitetezo achotsedwe kapena akhale ndi ligi yawoyawo, angaphe wodwala ku Zomba. Tawuni yomwe ilibe fakitale yaikulu ikachotsedwera timu ya asilikali siidzuka mmawa ndi timu ya anthu wamba yolimba. Imangotsala yopanda kanthu. Komanso matimu otere si zachilendo za kuno kokha. Ku Zambia kuli Green Buffaloes ndi Red Arrows, ku Zimbabwe kuli Black Rhinos, ku Rwanda kuli APR, ndipo timu ya asilikali a ku Morocco ya FAR Rabat idatenga chikho cha matimu opambana a mu Africa mu 1985. Pamene chuma cha anthu wamba n'chochepa, usilikali umapatsa mnyamata waluso chinthu chomwe matimu ambiri sangamupatse, ndicho ntchito yomwe idzakhalepobe maondo akadzatopa. Vuto la Zomba si kukhalapo kwa Red Lions ayi. Vuto ndi loti pambali pa Red Lions palibe china cholimba.

Ndipo n'koopsa kudalira mzati umodzi umenewu, chifukwa mphamvu yomwe imateteza timu ya asilikali kuti isafe ndi yomweyo imene imaiikira malire. Wosewera ndi msilikali poyamba. Akamuitana ku maphunziro a usilikali amapita, ndipo akamusankha kukasungitsa mtendere kunja, monga ku Democratic Republic of Congo komwe asilikali a dziko lino akhala akutumizidwa, timu imatsala ndi mpata pakati pa nyengo. Timu ya ku kampu siingathamangire pa msika kukagula womwetsa zigoli mmene Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers zimachitira. N'chifukwa chake kuyambira 1986 padatenga zaka 30 kuti timu ya asilikali itenge ligi yaikulu, pamene Kamuzu Barracks ya ku Lilongwe idatero mu 2016. Red Lions itakwera mu 2019 idadikira pafupifupi chaka chathunthu chifukwa mliri wa Covid-19 udachedwetsa nyengo yotsatira mpaka Novembala 2020, idasewera nyengo zitatu, ndipo mu 2023 idatulukanso limodzi ndi Blue Eagles ndi Extreme. Ulendo uno kubwerera sikudakhale kwapafupi. Mu 2024 mpata wa kummwera udatengedwa ndi Ekhaya, timu ya anthu wamba yokhala ndi kampani yandalama kumbuyo kwake, ndipo mu 2025 Red Lions idapezeka m'gulu la matimu oyambitsa ligi yatsopano yachiwiri ya dziko lonse yothandizidwa ndi NBS Bank. Phunziro lake n'lakuti mwayi wa malipiro okhazikika umagwira ntchito pokhapokha opikisana nawo ali osauka. Tsabola wakale sawawa: zomwe zidakwanira mu 2019 sizingakwanire masiku onse.

Chomwe chikadathandiza timuyi pamene mwayi wa ku kampu ukuchepa ndi anthu a mumzinda, ndipo anthuwo ankakumana ndi timu yawo pamalo amodzi, pa bwalo la Zomba Community Centre. Silidali bwalo lapamwamba, ndipo akuluakulu a mpira ankalidandaula kawirikawiri. Koma lidali pafupi ndi msika ndi depoti, pamtunda woyenda wapansi kuchokera m'madera ambiri. Wa ku Ndola kapena ku St Mary's ankangotsetsereka, wa ku Thondwe, Songani, Jali kapena Domasi ankakwera minibasi imodzi n'kubwerera dzuwa lisadalowe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010 bwaloli lidatsekedwa kuti pamangidwe sitediyamu yamakono, ndipo ntchitoyo idatenga zaka zambiri kupyola nthawi yomwe idalonjezedwa. Malamulo a FAM opereka ziphaso kwa matimu amafuna bwalo lovomerezeka, lokhala ndi mpanda, zipinda zosinthira ndi chitetezo, choncho masewero omwe pa pepala adali a pakhomo a Red Lions ankaseweredwa ku Chiwembe ku Limbe ndi ku Balaka, maulendo a makilomita oposa 60. Timu idataya mwayi wosewera pa bwalo lomwe ikulidziwa, pamaso pa anthu ake. Amayi ogulitsa mandasi, chimanga chootcha ndi thobwa, anyamata a kabaza ndi eni malo ogona adataya makasitomala a Loweruka ndi Lamulungu. Koma otaya kwambiri adali ana. Mwana yemwe adali mu Sitandade 1 pamene bwalo linkatsekedwa adayandikira mayeso a Sitandade 8 asadaonepo Maule (Bullets) kapena Manoma (Wanderers) akusewera ligi m'tawuni yakwawo. Choncho kukwera kwa mu 2019 kudabweza dzina la Zomba pa mndandanda wa ligi, koma sikudabweze mpira wa ligi ku Zomba.

Wina angayankhe kuti kutayaku n'kongokokomeza, popeza anthu a ku Zomba ambiri amachemerera Bullets ndi Wanderers, ndipo achinyamata amadzaza nyumba zoonetsera kanema kukaona Arsenal, Chelsea, Liverpool ndi Manchester United. N'zoona kuti tsiku lomwe Maule abwera ku Zomba, eni bwalo ankakhala ngati alendo. Koma mfundo imeneyi ikulimbikitsa nkhani yathu m'malo moigwetsa. Munthu sabadwa ndi timu. Amaikonda chifukwa bambo kapena malume adamutengera ku bwalo, chifukwa mnyamata wa khomo loyandikana akuseweramo, chifukwa waiona ikugwa ndi kudzuka. Bullets ndi Wanderers zili ndi ochemerera dziko lonse chifukwa kwa zaka zambiri zidamveka pa wailesi ya MBC ndipo zidayenda m'maboma, komanso chifukwa anthu amaona kuti mawu awo amamveka m'matimuwo. Timu ya asilikali imayamba ili kale kuseri kwa chipata cha kampu, atsogoleri ake amasankhidwa ndi akuluakulu a usilikali, ndipo osewera ake amachokera m'zigawo zonse chifukwa usilikali umalemba dziko lonse. Njira yokhayo yomwe timu yotere ingakhalire ya anthu a m'tawuni ndi kuonekera pamaso pawo sabata ndi sabata. Kuisamutsira ku Balaka kudali kutseka khomo limodzi lomwe lidatsala. Ngati ochemerera adali ochepa bwalo lilipo, yankho lake silikadakhala kuwachotsera ndi bwalo lomwe.

Mbiri ya dera lomweli ikusonyeza kuti chinthu chobadwira ku kampu chikhoza kusanduka cha anthu onse. Gule wa beni, yemwe amavinidwa ku Zomba, Machinga ndi Mangochi, adafalikira ndi asilikali obwerera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mayunifolomu, maudindo ndi kuguba kwake n'zotengera pa perete, koma lero palibe amene amati beni ndi wa asilikali. Ndi wa midzi yomwe imamuvina. Zidatheka chifukwa anthu adamutenga, kumuika pa bwalo la m'mudzi, kusankha atsogoleri awo ndi kupeka nyimbo zawo. Mpira wa ku Zomba sudafike pamenepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, Zomba United, timu yonyamula dzina la mzinda, idalawako ligi yaikulu, monganso idachitira Cobbe Barracks, koma siidakhalitsemo. Sikuti luso kulibe. Mpira wachikulunga umaseweredwa m'njira za ku Chikanda, mabonanza ndi zikho za aphungu zimadzaza mabwalo a sukulu ku Chingale, Mayaka ndi Malosa, ndipo sukulu za sekondale monga Masongola, Mulunguzi, Likangala ndi Zomba Catholic zili ndi anyamata ndi atsikana othamanga. Chosowa ndi makwerero olumikiza mabwalo amenewa ndi ligi. Chikho cha phungu chimabwera zisankho zikayandikira, mphoto ikaperekedwa nkhani yatha, ndipo mnyamata wodziwa mpira amatsala ndi njira ziwiri zokha, kupita ku Blantyre kapena kudikira kuti asilikali alengeze zolemba anthu ntchito.

Palinso amene amakhulupirira kuti sitediyamu yatsopano ithetsa zonsezi. Ingathetse chimodzi, chachikulu ndithu, ndicho kubweza masewero a pakhomo kunyumba. Koma makoma samenya mpira. Mabwalo a khonsolo amalipiritsa, ndipo mpanda womwe umathandiza kutolera ndalama za pachipata ndi womwewo umatsekera kunja matimu a m'madera ndi a sukulu omwe kale ankangolowa pa Community. Ngati khonsolo ya mzinda ingaone bwaloli ngati gwero la ndalama chabe, loyenera masewero a ligi, misonkhano ya ndale ndi mapemphero aakulu, ndiye kuti Zomba idzakhala ndi bwalo lokongola kuposa lakale koma lothandiza ana ochepa kuposa lakale. Mzinda wa anthu 105,013, malinga ndi kalembera wa 2018, womwe mbali ina watsekedwa ndi phiri ndipo malo ake athyathyathya akudyedwa ndi nyumba, uyenera kusamala mabwalo ang'onoang'ono omwe atsala. Kumeneko n'kumene mpira wa osewera asanu mbali iliyonse, wotchedwa futsal, ungathandize. Udayambira ku Montevideo m'dziko la Uruguay mu 1930 chifukwa cha vuto lomweli la kusowa malo, umaseweredwa pa simenti ya kukula ngati bwalo la mpira wamanja, ndipo suopa matope a Januwale ndi Febuluwale, miyezi yomwe mvula ya m'phiri imasandutsa mabwalo ambiri kukhala madambo. Sukulu, matchalitchi, yunivesite ndi kampu zomwe zili ndi maholo ndi mabwalo a simenti zikhoza kutsegulira ana popanda kudikira ndalama zankhaninkhani.

Mwina chotsutsa chomaliza n'chakuti nyengo imodzi ya ligi yaing'ono si mbiri, pakuti mbiri ya Zomba ndi ya abwanamkubwa, ya Napolo wa mu 1946, ya nyumba ya malamulo ndi ya akaidi a ndale ku Mikuyu. Koma mbiri ya malo si ya akuluakulu okha. Tawuniyi ili ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ili ndi nyumba yosungira zikalata zakale za dziko yomwe idayamba mu 1947, ndiponso ili ndi yunivesite yophunzitsa mbiri. Zonsezi zimasunga za boma. Za bwalo la Community, za matimu a m'madera omwe adabadwa ndi kufa, za aphunzitsi omwe adaumba osewera popanda malipiro, zili m'mitu ya anthu omwe akukalamba. Nyengo ya 2019 ndi yofunika chifukwa imaika mafunso onse pamalo amodzi: ndani adanyamula timu itagwa, ndani adapindula itadzuka, ndipo anthu a mumzinda adali kuti pamene zonsezi zinkachitika. Mayankho ake ndi oti adainyamula ndi asilikali, idapindula ndi kampu pamodzi ndi dzina la mzinda, ndipo anthu ambiri ankangomvera pa wailesi.

Asilikali a ku Cobbe adachita mbali yawo, ndipo akuyenera ulemu chifukwa chosunga dzina la Zomba mu mpira wa dziko lino kwa zaka zonsezi. Chomwe angawonjezere ndi kutsegula chipata: matimu a ana a m'madera ozungulira kampu, komiti ya ochemerera yokhala ndi mawu, ndi masewero opimana mphamvu ku Jali, Thondwe ndi Songani. Khonsolo ya mzinda ipatule masiku omwe matimu a sukulu, a m'madera ndi a atsikana azigwiritsa ntchito sitediyamu pamtengo womwe angathe, ndipo iteteze mabwalo ang'onoang'ono kuti asagawidwe mapuloti. Aphungu ndi makhansala aphatikize ndalama za zikho zawo n'kukhazikitsa ligi imodzi ya boma lonse yoyenda chaka ndi chaka, zisankho zilipo kapena palibe. Amalonda a mumzinda, eni mahotela a m'phiri ndi amene adaphunzira ku Chirunga agwirizane pa timu imodzi ya anthu wamba, aipatse malamulo ndi mabuku a ndalama oonekera, kuti isafe ndi thumba la munthu mmodzi. Ophunzira mbiri apite kwa osewera akale akadali moyo, akalembe zomwe akudziwa. Mzinda usadziyese ndi funso loti Red Lions ili mu ligi iti chaka chino, koma ndi loti ana angati a ku Zomba asewera mpira wolongosoka sabata ino, ndipo asewerera pati.